Mkamwini Amene Ankalondera Doko

Kodi inu amene munaphunzira za makompyuta, kapena amene mwana wanu akuphunzira zimenezo, munayamba mwafunsapo kuti chipangizo choyesera chimathera kuti mwini wake akalandira digiri? Kuyunivesite amaphunzitsa kuti pali mtundu wa kafukufuku umene cholinga chake ndi chimodzi chokha, kuonetsa kuti ganizo lingatheke. Wofufuza amapanga chinthu chaching'ono, amachiyesa kwa kanthawi, akaona kuti chagwira amalemba lipoti, ndipo ntchito yake yathera pomwepo. Aliyense wonena kuti kafukufuku wotere ndi wachabe ndidzatsutsana naye mpaka atope. Koma ndikufuna ndikuuzeni za a Jailosi, chifukwa pali ganizo lina limene linayesedwa pa ukwati wawo, ndipo lipoti lake limati linatheka.

A Jailosi anabadwira kumapiri, kumtunda kwa Neno, kumene anthu amalima mbatatesi ndi tirigu. Anatsikira kuchigwa, cha ku Matope, chifukwa cha ukwati. Anakwatira mayi Stelia, ndipo m'mudzi umenewo mwamuna ndiye amasamukira kwa mkazi. Nyumba imene anamanga ndi manja awo inali pa nthaka ya akuchikazi. Munda umene ankalima unali wa akuchikazi. Ana awo awiri, Atikonda ndi Mwawi, analinso a akuchikazi. Wolamula pa zonsezi anali a Herbert, mlongo wawo wa mayi Stelia, amene anali mwini mbumba.

A Jailosi ndi munthu wamfupi, wachibwibwi pang'ono, wokonda kumasula mawailesi ndi matochi kuti aone zam'kati. Ngakhale ana awo atayamba sukulu, a Herbert ankawatchabe "mlendo wathu". Banja likakhala pansi kukambirana za munda kapena za maliro, a Jailosi ankatumidwa kukabwereka mipando, ndipo pobwera ankapeza nkhani yatha.

Pakati pa mudziwo ndi msewu waukulu, kumene kuli chigayo, msika ndi chipatala, pali mtsinje wochokera kumapiri umene umakathira mu Shire. Mlatho palibe. Anthu amawolokera pa doko, madzi ake olekeza m'mawondo. Kuipa kwa mtsinjewu n'kwakuti mvula ikagwa kumapiri, madzi amafika kuchigwa dzuwa likuwala. Kale anthu akaona mitambo yakuda kumtunda ankazengereza. Ambiri ankabwerera kunyumba ndi chimanga chawo, kudikira mawa.

Chaka china, dzinja lisanayambe, m'mudzimo munafika galimoto ya yunivesite ina. Munali adokotala a za makompyuta ndi wophunzira wawo wa digiri yachiwiri, dzina lake Wongani. Ganizo lawo linali labwino, ndipo ndikunena izi mosanyoza. Kumtunda kwa mtsinje, pathanthwe, anaimika mtengo wachitsulo wokhala ndi bokosi ndi sola. Bokosilo linkayeza msinkhu wa madzi n'kutumiza manambala ku kompyuta ina mumzinda. Madzi akakwera mwadzidzidzi, kompyutayo inkaimba foni ya munthu mmodzi wa kudoko, ndipo munthuyo ankayenera kuimba wezulo ndi kukweza nsalu yofiira. Anafuna munthu wodziwa foni, wopezeka pamudzi nthawi zonse.

"Tengani mlendo wathuyu," anatero a Herbert. "Alibe kopita."

Anthu anaseka, a Jailosi nawonso anaseka. Anapatsidwa foni yatsopano, wezulo ndi nsalu, n'kulangizidwa kuti azikwera kuthanthwe kukapukuta fumbi ndi zitosi za mbalame pa sola, ndi kuona ngati kanyali kobiriwira ka pabokosi kakuyaka.

Foni inalira koyamba masana ena a Januwale, kumwamba kulibe ngakhale kamtambo. A Jailosi anathamangira kudoko, nsalu ili m'mwamba, akuimba wezulo mpaka masaya kuwawa. Pa doko panali amayi ndi mitolo yawo, ndi ngolo ya a Herbert yodzaza matumba a feteleza. Patsogolo pa onse panali Eliness, mng'ono wawo wa mayi Stelia, mlamu wawo wa a Jailosi, amene sankawapatsa mpata wopuma ndi nthabwala.

"Amuna anga, kodi mwayamba kuimbira mpira wa nsomba?" anafunsa Eliness.

"Mu-musawoloke. Madzi akubwera."

"Akubwera pa njinga kapena pansi?"

A Herbert analamula woyendetsa ngolo kuti alowe m'madzi. A Jailosi, amene anali asanakanepo mawu a a Herbert, anagwira chingwe cha ng'ombe n'kukana kusiya. Anatukwanidwa pamaso pa amayi, anatchulidwa kwawo kumapiri ndi umphawi wa bambo awo. Kutukwana kusanathe, madzi anafika, ofiira, atanyamula nthochi yathunthu ndi mizu yake. Anthu anayang'ana mtsinje, kenaka anayang'ana a Jailosi.

Zinachitikanso dzinja lomwelo, ndipo kuchokera pamenepo a Jailosi anakhala a Injiniya. A Herbert anawapatsa dimba m'mbali mwa mtsinje kuti likhale lawolawo. Pa msonkhano wa banja mipando anayamba kukabwereka ena. Munthu wofuna kuwoloka sankayang'ananso kumapiri. Ankadutsira kunyumba kwa a Jailosi n'kufuula ali panja kuti, "A Injiniya, yalira?" Iwo akati sinalire, munthuyo ankapita mtima uli m'malo. Ndikupempha muone chimene chinasintha apa. Kulira kwa foni kunkatanthauza ngozi, monga mmene akatswiri anakonzera. Koma mudzi unawonjezapo chimene akatswiri sanachilembe m'pulani yawo, chakuti foni ikakhala chete ndiye kuti mtsinje uli bwino.

Mvula itatha, galimoto ija inabweranso kudzatsanzika. Panali mabanzi ndi zakumwa, ndipo a Jailosi analandira malaya ndi satifiketi. Adokotala anayamika mudzi chifukwa cha mgwirizano, n'kunena kuti bokosi alisiya m'manja mwa anthu. Amayi analuluta. A Herbert anaimirira, ndipo kwa nthawi yoyamba anatchula a Jailosi kuti mwana wathu.

Chimene sichinanenedwe pa msonkhanowo n'chakuti kompyuta ya mumzinda inali yobwereka kwa miyezi ya kafukufuku yokha, ndipo inali pafupi kuzimitsidwa. Alendo sananene, chifukwa pa tsiku lotsanzikana, anthu akuluuta, mlendo sanena nkhani yokhumudwitsa. A Jailosi sanafunse, chifukwa mkamwini amene akuyamikidwa koyamba pamaso pa apongozi ake sakweza dzanja kufunsa ngati ulemuwo uli ndi tsiku lothera. Galimoto inapita. Bokosi linapitiriza kuyeza madzi mokhulupirika n'kumatumiza manambala kumene kunalibenso wowalandira. Kanyali kankayakabe, chifukwa kankangofuna dzuwa.

Chilimwe chonse a Jailosi ankakwera kuthanthwe kukapukuta sola.

Dzinja lotsatira mvula inachedwa. Mu Disembala madzi anakwera tsiku lina mpaka m'chiuno, foni osalira. Palibe anavulala, ndipo anthu anangoti mwina sanafike pa msinkhu woti bokosi n'kudandaula. A Jailosi okha ndiwo anavutika mumtima. Anaimba nambala ya Wongani, sinkapezeka. Anakwera kuthanthwe, anapeza kanyali kakuyaka. Nkhaniyo anauza mkazi wawo ali kumunda, akupalira chimanga.

"Mayi a Atikonda, ndikukayika. Mwina ndiwauze anthu aziyang'ananso kumapiri."

Mayi Stelia anaimika khasu. "Mukawauze achimwene kuti chiyani? Kuti ulemu wonse uja unali wa bokosi lakufa? Dimba lija akulandani mawa lomwe, mubwerere konyamula mipando. Nyali ikuyaka kapena sikuyaka?"

"Ikuyaka."

"Ndiye basi. Palirani, bambo a Atikonda, udzu sukudikira."

Sindikuwayeretsa a Jailosi. Anakayika ndipo anakhala chete. Koma amene akufuna kuwaweruza ayambe waganiza kuti munthu amene wakhala mlendo m'nyumba yomanga yekha amataya chiyani akanena mawu amenewo, ndipo amene anasiya bokosi lija akanataya chiyani akananena awo.

Masana ena a Januwale Eliness anasiya mwana wake woyamwa kwa mayi Stelia, n'kusenza chimanga kupita kuchigayo ndi amayi ena awiri. Popita anawoloka bwino. Pobwera, kumapiri kunali kutada, koma kuchigwa dzuwa linkawotcha. A Jailosi anali m'dimba lawo, pafupi ndi doko. Eliness anafuula ali tsidya lina, ufa uli pamutu.

"Amuna anga! Mkazi wanu wa pathanthwe uja wanena chiyani lero?"

A Jailosi anatulutsa foni m'thumba. Netiweki inalipo, batire inali yodzaza. Anayang'ana kumapiri, anayang'ananso foni.

"Sananene kanthu."

"Ndiye konzani ndiwo, ufa ukubwera!"

Amayi atatuwo analowa m'madzi atagwira nsalu m'mawondo. Ali pakati, phokoso linamveka kumtunda ngati lole ikutsika phiri. A Jailosi anaimba wezulo ataona kale madzi ndi maso awo, monga mmene aliyense anawaonera. Amayi awiri aja anataya katundu n'kubwerera kumene anachokera. Eliness anali atadutsa pakati, ndipo anasankha kuthamangira kutsogolo, dzanja limodzi litagwirabe beseni la ufa. Anamupeza tsiku lotsatira m'mabango, kufupi ndi Shire.

Pa maliro adzukulu, amene amakumba manda, ali ndi ufulu wonyoza aliyense, ndipo palibe amawaletsa. Tsiku limenelo sananyoze wina koma mmodzi. A Jailosi akayandikira, mmodzi ankaika fosholo pakhutu.

"Halo! A Injiniya? Kuno ndi kumanda. Timafunsa ngati tingawoloke."

Anzake ankaimba mluzu ngati wezulo. Anapitiriza mpaka bokosi la maliro litatsikira m'dzenje, ndipo ena mwa olira ankabisa nkhope m'nsalu, osadziwika ngati akulira kapena akuseka.

Maliro atatha, banja linakhala pansi. Ulendo uno a Jailosi sanatumidwe kukabwereka mipando. Anakhazikidwa pakati, padothi. Anafotokoza mwachibwibwi kuti foni sinalire, kuti sola ankaipukuta, kuti kanyali kankayaka. Ena anayamba kunena kuti mwina ndi tsoka chabe. Pamenepo a Herbert anatembenukira kwa mlongo wawo, amene anali atanyamula mwana wa Eliness.

"Achemwali, munthu uyu mumagona naye nyumba imodzi. Palibe chimene anakuuzaniko?"

Mayi Stelia anayang'ana mwanayo, osati mwamuna wawo. "Anandiuza mu Disembala kuti akulikayikira bokosilo."

Sanawonjezepo kanthu. A Jailosi anadikira kuti mkazi wawo anene mbali yotsalayo, ya dimba ndi mipando. Sanainene, ndipo a Jailosi sanaitchule.

"Alamu," anatero a Herbert, "munabwera kuno ndi bulangete ndi khasu. Khasu lija linatha kalekale. Tengani bulangete."

Ana anatsala, chifukwa ana ndi a mbumba. Kumapiri a Jailosi sanabwerere, poti munda wa kwawo uli m'manja mwa alongo awo ndi amuna a alongowo. Anakakhala pa kamsika kena cha ku Chifunga, kumata matayala a njinga, kumagona kuseri kwa golosale.

Kumeneko ndi kumene anandipeza, atamva kuti ine, mphunzitsi wa makompyuta, ndabwera pasukulu ya sekondale yakumeneko. Anandidikira pageti, foni itakulungidwa m'pulasitiki.

"Aphunzitsi, mundionereko m'katimu. Mwina inalira tsiku lija ine osamva. Ndinali ndi khasu, mwina phokoso la khasu."

Anali atakhala ndi funso limenelo kuposa chaka. M'fonimo munalibe chizindikiro chakuti inalira. Ndinafufuza dzina la mtsinjewo pa intaneti, ndipo lipoti linatuluka mosavuta, losindikizidwa m'magazini ya akatswiri kunja kwa dziko. Ndi lipoti lolembedwa bwino. Limati njira yotsika mtengo yochenjeza anthu za madzi osefukira inayesedwa kumudzi ndipo inatheka, ndipo anthu anailandira ndi mtima wonse. Pali chithunzi cha bokosi, ndi dzanja la munthu likupukuta sola. Chakumapeto pali chiganizo chimodzi chonena kuti kuyesa kutatha, kompyuta yolandira manambala inazimitsidwa. Ndinawamasulira chiganizo chimenecho m'Chichewa.

A Jailosi anakulunganso foni m'pulasitiki muja. Kenaka anafunsa kuti, "Ndiye chilimwe chonse chija ndinkapukuta chiyani?"

Wongani ndinamupeza kudzera kwa anzanga a kuyunivesite. Tsopano amagwira ntchito mumzinda. Ndinamuuza za Eliness, ndipo ndikukhulupirira kuti chisoni chake chinali chenicheni.

"Koma achimwene, inunso mwaphunzira zimenezi," anatero. "Kunali kuyesa ganizo basi. Sitinalonjeze kuti ndi chinthu chokhalitsa. Zinalembedwa."

"Zinalembedwa m'Chingerezi, m'magazini ya kunja. Kudoko anawauza ndani?"

"Ine ndinafuna kulizula bokosilo. Adokotala anati anthu akhumudwa, ndiponso mwina tipeza thandizo la gawo lachiwiri. Tsiku lija anthu ankavina, achimwene. Mukanakhala inu mukanaimirira n'kunena?"

Ndinamupempha chinthu chimodzi, kuti abwere adzanene pamaso pa banja kuti bokosi linafa a Jailosi osauzidwa. Anati afunse kaye adokotala. Atandiimbiranso, anati walangizidwa kuti asalankhule za imfa imene sinachitike m'nthawi ya kafukufuku.

Choncho tinapita awiri, ine ndi a Jailosi, Loweruka lina m'chilimwe. Iwo anavala malaya a pa msonkhano aja, ndipo anagula masiwiti a ana. Anali ndi chikhulupiriro chakuti a Herbert akamva kuti foni sikanalira ngakhale akanaigwira pakhutu, awalola kubwerera, kapena kumaonako ana. Tinapeza a Herbert akusoka thumba pakhonde. Ndinafotokoza zonse mwadongosolo, kuyambira pa bokosi mpaka pa kompyuta ya mumzinda. Anamvetsera osandidula.

"Aphunzitsi, ndamva. Mukuti chinthucho chinafa mvula isanayambe n'komwe."

"Ndi choncho, bambo."

"Ndiye munthu uyu anatilondera dzinja lonse ndi mtembo m'thumba. Ife tinkati ndi wosasamala. Inu mwayenda ulendo wonsewu kudzatiuza kuti ndi chitsirunso." Anatembenukira kwa a Jailosi. "Alamu, anzanu ophunzira aja anakuuzani kuti mukayike? Munakayika nokha. Anakuuzani kuti mutseke pakamwa? Munatseka nokha."

Mayi Stelia sanatuluke m'nyumba. Mwawi anasuzumira pakhomo, dzanja lina linamukokera m'kati. Atikonda anali kuseri kwa nkhokwe, ndipo bambo ake atamuitana anayankha ali komweko kuti kusukulu amamutcha mwana wa Halo, ndiye asamabwere. A Jailosi anaika masiwiti pakhonde. A Herbert anawakankha ndi phazi, n'kupitiriza kusoka.

Pobwerera tinawoloka pa doko, madzi olekeza m'akakolo. Titafika pamsewu, a Jailosi anandifunsa ngati ndikudziwa munthu wofuna kugula foni.

A Herbert sananame, ndipo ichi ndicho chimandivuta. Wongani nayenso sananame. Lipoti silinaname. Ganizo linathekadi, ndipo anthu ena m'tsogolo akhoza kupulumuka chifukwa cha zimene zinaphunziridwa pathanthwe paja. Koma ndikukana mfundo yakuti kuyesa kumatha tsiku limene wofufuza waleka kulemba manambala. Chipangizo chochenjeza chikalowa m'mudzi, chimachotsa chizolowezi chimene anthu ankadzitetezera nacho, ndipo chizolowezicho sichibwerera chokha kompyuta ikazimitsidwa. Mudzi uja unasiyidwa pangozi yoposa imene unali nayo galimoto isanabwere. Komiti ya kuyunivesite imene inavomereza kafukufukuyo inafunsa ngati anthu avomera kutenga nawo mbali. Sinafunse kuti adzauzidwa bwanji kuti zatha, ndiponso kuti munthu amene waimikidwa pakati pa chipangizo ndi mudzi adzatsala ndi chiyani. Wina adzati kumuuza munthu wosaphunzira za kompyuta yobwereka n'kovuta. Ine ndinawauza a Herbert pakhonde, akusoka thumba, ndipo anamva bwinobwino.

Bokosi lija likadali pathanthwe. Anyamata anaba sola, choncho kanyali kanazima. A Jailosi akadali ku Chifunga. Ana awo sawaona.

Pempho langa ndi ili. Ngati munayesapo chipangizo m'mudzi uliwonse, kaya choyeza madzi, kaya cha pachipatala, kaya cha alimi, ndipo munachisiya komweko, fufuzani sabata ino ngati chikugwirabe ntchito. Ngati chinafa, pitani nokha, itanitsani anthu omwe aja munawagulira mabanzi, munene m'Chichewa kuti chinafa, ndipo muchizule anthu akuona. Musatume amene munamusiyira wezulo.